Basela pa Bolodi

Mukafika pa Chonde kuchokera ku Limbe, musanafike pomwe amaima a kabaza, pali kashopu ka malata kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Pakhomo pake pali mulu wa mawailesi akufa ndi mabatire otupa mimba, ndipo mkatimo mumakhala Evance Namakhwa, bambo wamtali, woonda, woyenda chowerama ngati wataya singano. Ndiye wokonza mafoni, mawailesi ndi zida za sola kuno. Dzanja ali nalo, pamenepo asakunamizeni munthu. Koma masiku ano mukamuyamikira amangoyang'ana pansi n'kuyamba kufunafuna sikuludiraiva yomwe ili m'manja mwake momwe.

Evance anabadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi kuseri kwa boma, m'nyumba za kampani zija zofanana ngati mazira, momwe Mlomwe, Myao ndi Msena amagawana mpopi umodzi koma aliyense n'kumasamala zake. Bambo ake, a Harold, ankanyamulira zida amisiri a magetsi kufakitale, ndipo Loweruka ankakonza mawailesi a anzawo pakhonde ndi chitsulo chotenthetsa pambaula. Akamalumikiza waya sankaumira mtovu ayi. Ankasungunula mpaka pakhale chotupa chonyezimira chachikulu ngati nzama, n'kumuuza mwana wawoyo kuti waya wodyetsedwa pang'ono amakuchititsa manyazi pa anthu. Mayi ake, a Sheila, ankagulitsa nandolo ndi kalongonda wowiritsa pamsika, ndipo ankadziwika ndi basela. Mbale ikadzaza ankaponyaponso chikhatho china, wogula akati zikomo iwo n'kuwonjezeranso. Kulemera sanalemere, koma tsiku la maliro awo amsika anzawo anasiya malonda n'kubwera onse. Choncho mwanayo anakula akumva phunziro limodzi kuchokera mbali ziwiri, kuti munthu weniweni amawonjezera ndipo woumira alibe mnzake.

Sukulu anailekezera pa fomu 2, bambo ake atamwalira ndipo kampani itawauza kuti nyumba ikufunika. Anapita ku Limbe komwe anaphunzira kukonza mafoni kwa mmisiri wina wa mumsika, kenako anabwerera n'kutsegula kashopu kake kaja. Basela ndi amene anamupangira dzina. Alimi a kuno akabweretsa wailesi amafuna uwatsegulire aone pomwe wagwira, ndipo akaona timfundo ting'onoting'ono amati wangonyambita, ibwereranso mawa. Kwa Evance ankaona zotupa zonyezimira zija, n'kugwedeza mutu kuti eya, apa ndiye pagwira mmisiri.

Anakwatira Tiyamike, wa m'mudzi wina kumtunda kwa Chonde, yemwe nyengo ya dzinja ankathyola tiyi ku esiteti. Anadziwana chifukwa cha foni yomwe inagwera m'ndowa. Monga mwa mwambo wa kuno, Evance ndiye anasamuka n'kukamanga kwa mkazi, ndipo mavuto ake anayambira pomwepo. Mkamwini amayesedwa ndi khasu, koma mnzathuyu akalima mizere iwiri matuza ali m'manja, n'kuyamba kukumbukira makasitomala omwe akumudikira kushopu. Alufeyo, mwamuna wa mkulu wake wa Tiyamike, ankalima ngati thirakitala, ndipo pakhomopo silinkapita tsiku osawayerekeza awiriwo. Apongozi ake, a Esteri, sakanamunena pamaso, pajatu mkamwini ndi apongozi amapewana, koma ankadziwa kukalipira nkhuku mokweza mawu, kuti nkhuku zina zimangodziwa kudya, kupalasa ayi. Evance ankamva zonsezi ali m'nyumba.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamuikira kumbuyo. Tiyamike ankauza aliyense, ngakhale mayi ake omwe, kuti khasu la mwamuna wake lili m'mutu ndipo tsiku lina adzaona. Madzulo dzuwa lisanalowe ankasiya zotsuka n'kukhala naye pabenchi pakhonde, kumugwirira timawaya, kumufunsa kuti ichi chimatani, nanga ichi. Mwana wawo atabadwa, Tiyamike ndiye anaumirira kuti dzina likhale Chikhulupiriro, mwachidule Chikhu, ndipo sanabise kuti akunena ndani. Evance ankadziwa kuti pamudzi ponsepo analibe munda, analibe mawu pabwalo, analibe ngakhale mtengo wa mango woti n'kunena kuti wanga. Chake chinali chimodzi chokha, mkazi amene ankamukhulupirira.

Laputopu anaipeza posinthana ndi mphunzitsi wina wa ku Mulanje Mission yemwe anamukonzera sola yapanyumba. Inali yakale, yopuma mwaphokoso, koma inkayenda. Ndi makanema a pafoni anadziphunzitsa pulogalamu yaulere yojambulira mabolodi. Bolodi ndi kathabwa kobiriwira kaja kamene mumakaona mukatsegula wailesi, kokhala ndi tinjira ta mkuwa momwe magetsi amadutsa. Umajambula tinjirato pakompyuta, kutumiza chojambulacho ku fakitale ya kunja, iwo n'kukutumizira mabolodi enieni m'kabokosi. Evance atamvetsa zimenezi tulo tinamuthawa. Zaka zonsezi ankangopachika zigamba pa zinthu zopanga anthu ena, ndipo tsopano anaona kuti nayenso angathe kupanga chake.

Mwayi unabwera ndi nyerere. A Jailosi, malume ake a Tiyamike, omwe ndiwo mwinimbumba pamudzipo, anali ndi pampu ya sola yomwe anakagula ku Milange n'kuiwolotsa pa Muloza panjinga. Iwo ankaitcha bomba, monga amatchulira kutsidyako. Inathirira dimba la m'munsi kwa nthawi ndithu, mpaka nyerere zinamanga m'kabokosi kake koyendetsera magetsi, bolodi n'kupsa. Pampu yeniyeniyo inali yamoyo. Kabokosiko ndiko kankasefa mphamvu yochokera ku sola, kuti dzuwa likakwiya pampu isalandire zopyola muyezo wake. A Jailosi anakafunafuna kena ku Milange ndi ku Limbe komwe, osakapeza, ndipo banja lonse linabwerera ku makeni othirira.

Evance ananena kwa mkazi wake kuti bolodi imeneyo angathe kuijambula yekha, yabwino kuposa yoyambayo. Ananena chonong'ona, koma Tiyamike anaitenga nkhaniyo ngati moto n'kupita nayo kwa malume ake. Sanangopempha pampu yokha ayi. Anapemphanso kamunda ka kumtunda, kamene chilimwe kankangokhala chifukwa ndi kutali ndi mtsinje, kuti iye ndi mwamuna wake adzalemo matimati madzi akayamba kukwera ndi paipi. A Jailosi ndi munthu wosathamangira kuyankha. Anayamba amufunsa kaye mdzukulu wawoyo.

"Ukumuimira mwamuna wakoyo?"

"Ndikumuimira, amalume."

Anamupatsa zonse ziwiri, pampu ndi munda. Tiyamike anafesa nazale tsiku lotsatira lomwe, ndipo mbande zitakula anaziwokera kumtundako, n'kumazisunga ndi makeni podikira bomba.

Tsopano mvetserani pomwe panagona nkhani. Mtima wa bolodi ya Evance unali ayisi, kachida kakuda kakang'ono ngati nyemba, kokhala ndi timiyendo tosaposa tsitsi, ndipo pansi pamimba pake palinso malo ena ofunika kumata. Kachida kotere sungakamate ndi chitsulo chamoto cha a Harold chija. Umagwiritsa ntchito phala la mtovu, lotuwa, lomata ngati chiponde. Phalalo umaliika kudzera pa sitensulo, kachitsulo kopyapyala ngati lezala kobowoledwa timawindo. Umakagoneka pa bolodi, kupaka phala pamwamba, n'kukanyamula, ndipo phala limatsala pokhapo pomwe panali windo. Kenako umaika zida zako n'kuwotcha ndi bulowa, chida chouzira mpweya wamoto, mtovu n'kusungunuka. Timawindoto pulogalamu imajambula yokha kuchokera pa bolodi yako, ndipo fakitale imaboola molingana ndi chimene watumiza.

Evance atatsegula tsamba la timawindo pa laputopu anaseka yekha m'shopu. Windo lililonse linali locheperako kuposa kabwalo ka mkuwa komwe liyenera kudyetsa. Choipitsitsa, pansi pamimba pa ayisi, pomwe panali bwalo lalikulu ndithu, pulogalamu inagawa malowo m'timawindo tinayi tosiyana mipata. Kuumira kotereku! Anaganiza kuti amene analemba pulogalamuyi amakhala kumalo kozizira, sanaonepo dzuwa la Okutobala, sanaonepo kabokosi katamangidwa pakaliyala wa njinga m'misewu ya kwathu ino. Kanema wofotokoza za timawindoto analipo, koma anamudumpha, poti bandulo inali kutha, komanso zoika mtovu ndani akanamuphunzitsa iye, mwana wa a Harold? Anafufuta mipata ija n'kupanga chiwindo chimodzi chachikulu. Pomwe pulogalamu inalemba kuti mawindo achepeko, iye analemba kuti akuleko, onse. Madzulo anamuonetsa Tiyamike n'kumuuza kuti waikapo basela, ndipo anaseka limodzi.

A kufakitale anayesa kumuchenjeza, tisawanamizire. Anatumiza chithunzi pafoni atazunguliza chiwindo chija ndi mzere wofiira, n'kufunsa ngati akufunadi kuti chikhale chotero. Evance anawayankha kuti aboole momwe wajambuliramo. Anafika pomuonetsa wometa wa pafupi uja uthengawo, kuti aone mmene anthu a kunja akudabwira ndi ntchito ya pa Chonde.

Kabokosi kochokera ku fakitale kanafika matimati atayamba maluwa. Munali mabolodi angapo ofanana ndi sitensulo imodzi yonyezimira. Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi, anayala zonse pabenchi pakhonde. Ntchito ya sitensulo imafuna manja okhazikika, ndipo a Tiyamike, ozolowera kuthyola nsonga za tiyi, sankanjenjemera ngati ake. Iye anagwira bolodi, mkazi wake n'kupaka phala ndi khadi lakale la kubanki, kamodzi kokha, mopendeketsa, ndendende monga anamuuzira. Nthawi imeneyo a Esteri ankadutsa ndi dengu la chinangwa pamutu. Anatembenuzira nkhope kumbali monga mwa ulemu, koma diso la apongozi limaona ndi pakhutu pomwe.

Atanyamula sitensulo, phala linaima pa bolodi milumilu. Evance anaika ayisi n'kuyatsa bulowa. Mtovu utasungunuka, kachida kaja sikanakhale pansi ayi, kanayandama n'kupendekera mbali imodzi. Anakakanikiza ndi kopanira, ndipo m'mbali mwake munatuluka timikanda tonyezimira. Mmisiri aliyense wa mafoni amadziwa tanthauzo la timikanda timeneto: ngati tatuluka kunja, pansi pomwe sukuona pali dziwe, ndipo timiyendo tomwe sitiyenera kukhudzana mwina tagwirana kale. Tiyamike anamufunsa ngati zakhala bwino. Evance anaona maso a mkaziyo ali mbee ndi chimwemwe, n'kukumbukira matimati aja, nkhuku za apongozi, ndi masabata omwe sitensulo ina ikanatenga kuti ifike. Anati zakhala bwino kwambiri. Anachotsa timikanda ndi singano, n'kulumikiza bolodi ku batire ya njinga yamoto, ndipo kanyali kobiriwira kanayaka. Anadziuza kuti kanyali sikanama.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unatsikira kudimba. Ena anabwera kudzaona madzi, ena kudzaona mkamwini akugwa, ndipo Alufeyo anaima patali atapinda manja. Evance anamanga kabokosi pamtengo, kulumikiza sola, n'kutsegula. Bomba inang'ung'udza, paipi inagwedezeka, ndipo patapita kanthawi mawu a Tiyamike anamveka kumtunda kuti madzi afika. Amayi analulutira. A Jailosi anakwera okha chitunda chija kukaika dzanja pakamwa pa paipi, ndipo pobwerera anamugwira Evance chanza ndi manja awiri, chinthu chomwe anali asanachitepo chikwatirire. Ngakhale a Esteri anauza mwana wawo wamkulu, mokweza kuti zimveke, kuti akaphe nkhuku.

Dzuwa la m'mawa ndi lofatsa, lofanana ndi batire ija. Litafika pamutu zinthu zinasintha. Mawu a pampu anayamba kukwera, kukwererabe, mpaka inalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Evance anathamanga kuti akazimitse koma anachedwa. Panamveka kuphulika kochepa, utsi wakuda unatuluka m'pampu momwe, ndipo fungo la waya wopsa linadzaza dimba lonse. Kabokosi kaja kanapereka mphamvu yonse ya sola osasefa ngakhale pang'ono. Poyamba chakufa chinali bolodi yokha, tsopano bomba ya a Jailosi inapita nayo.

Oyamba kuyankhula anali a Esteri, atafulatira mkamwini wawo, nkhope italoza kwa Tiyamike yemwe anali atangotsika kumtunda, miyendo ili matope.

"Ndinakuona ine Lamulungu lija ukupakapaka zinthu za eni ake. Iwe za magetsi unaphunzira kuti? Manja ako omwewo ndiwo awononga. Taona tsopano wawachititsa manyazi bambo a Chikhu."

A Jailosi sanayang'ane mlongo wawoyo, sanayang'anenso Tiyamike. Anayang'ana Evance. Tiyamike nayenso anayang'ana Evance. Ndipo Evance, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, analowetsa mutu m'kabokosi n'kumagwiragwira mawaya ngati muli china choti apulumutse. Mawu anali pakhosi penipeni, akuti ayi amayi, iye wangochita zomwe ndinamuuza. Koma chanza cha manja awiri chija chinali chikadali chofunda m'dzanja lake, ndipo Alufeyo anali atayandikira. Kenako Tiyamike anagwada pamatope pomwepo n'kunena kuti pepani amalume, ndalakwa ndine. Nkhuku inali itaphedwa kale, ndipo inadyedwa mopanda nkhani.

Lolemba kushopu Evance anatenthetsa bolodi ija n'kunyamula ayisi. Pansi pake panali dziwe la mtovu lomwe linamiza timiyendo ta mbali yonse. Pofuna kudzinamiza anatenga bolodi ina n'kupaka yekha phala, mosamala kwambiri, popanda dzanja la munthu wina. Kachida kanayandama chimodzimodzi, timikanda tinatuluka chimodzimodzi. Anagula bandulo n'kuonera kanema uja anamudumpha, ndipo munthu wa m'kanemayo ananena poyera kuti mawindo amachepetsedwa dala, ndipo lapakati limagawidwa dala, chifukwa mtovu ukachuluka ulibe kopita. Kukonza cholakwikacho pa laputopu sikunamutengere nthawi yoti tiyi azizire. Anabwezera mipata ija, kuchepetsa mawindo, n'kutumizanso ku fakitale. Kenako anakhala pampando manja ali m'masaya, wometa akumufunsa ngati wadwala.

Masiku otsatira anali a makeni. Tiyamike ankadzuka kusanatenthe n'kuyamba kukwera ndi kutsika chitunda chija, keni uku keni uku, mpaka mapewa anasupuka. Evance ankamuthandiza asanapite kushopu, ndipo ankanyamula kuposa mphamvu zake, ngati kuti thukuta lingayankhule m'malo mwa pakamwa. Koma munda umene anadzala poyembekeza paipi sungakhute ndi makeni. Mizere ya kumapeto inayamba kufota, maluwa n'kumayoyoka. Kumjigo amayi anzake anamupatsa Tiyamike dzina, ankamutcha injiniya. Wina akabwera ndi tochi yakufa ankati apatseni a injiniya aimalize. Evance anamva ndi makutu ake tsiku lina akudutsa panjinga, ndipo anangopalasa mwamphamvu ngati sanamve.

Tsiku lililonse ankatsimikiza kuti lero ndinena. Ankakonza mawu ali m'njira, koma akafika pakhomo n'kuona utsi wa kukhitchini kwa apongozi, mawu onse ankasungunuka. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo iye ankaopa kuti akatsegula pakamwa amuonetsa msewu. Ankadzilimbitsa mtima kuti Tiyamike ndi mwana wa pakhomo, kwawo sangamuthamangitse, nkhaniyo izizira yokha. Chomwe chinkamupha n'choti mkaziyo sanamufunse kalikonse. Madzi osamba ankamuikira, chakudya ankamuphikira, akamuyankhula ankayankha mwaulemu. Koma pabenchi paja madzulo Evance ankakhalapo yekha.

Tsiku la msika a Jailosi anatulukira kushopu atanyamula wailesi yawo yakale. Anakhala pa batire yakufa pakhomo, n'kunena kuti wailesiyo yayamba kukhosomola. Evance anaitsegula, n'kupeza kuti ilibe vuto lililonse. Anadziwa kuti sanabwerere wailesi. Mkuluyo anayamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, za bomba yomwe anaitumiza ku Milange kuti akaione ngati ingadzukenso. Kenako anatsitsa mawu kuti telala asamve.

"Bambo a Chikhu, mukuganiza kuti mlongo wanga uja amakhulupiriradi kuti mwana wake ndiye anawotcha bomba? Ine za magetsi sindizidziwa, koma wosema mpini sanamizira amene anamugwirira mtengo. Tonse tinadziwa tsiku lomwelo."

Evance anayesa kuyankhula, koma a Jailosi anakweza dzanja.

"Pakhomo pathu paja, mlendo akaswa mbale timakalipira mwana wathu. Timatero kuti mlendo asagwe nkhope pa anthu. Ndiye mlendoyo amadzuka n'kunena kuti musiyeni mwanayo, ndaswa ndine. Ife timati aa, palibe kanthu, mbale zimasweka. Nkhani n'kuthera pomwepo, aliyense ulemu wake uli nawo. Apongozi anu anakuchitirani ulemu waukulu tsiku lija. Ife tinangodikira mbali yanu."

"Nanga Tiyamike ankadziwa zimenezi?"

"Anakulira pakhomo panga ameneyo. Pogwada paja amakupatsani mpata wachiwiri."

Anatenga wailesi yawo, kuipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kunena kuti palibe amene akumuthamangitsa, nyumba ndi yake, mwana ndi wake. Bomba ndi chitsulo, ikafa yafa. Anangowonjezera kuti mdzukulu wawo uja ankayenda mutu uli m'mwamba, ndipo tsopano akupita kumjigo anzake atachokako. Evance anatsala ataima pakati pa mawailesi akufa, thupi lonse likutentha ngati amuvula zovala pamsika. Akanatha kudziteteza kuti iye anakulira m'malaini, komwe wolakwa amatchulidwa dzina pomwepo ndipo miyambo ya pamudzi saidziwa. Koma ankadziwa kuti limenelo ndi bodza linanso. Palibe mwambo umene munthu amafunika kuphunzitsidwa kuti asasiye mkazi wake atagwada m'matope chifukwa cha iye.

Madzulo omwewo ananena. Anayamba ndi Tiyamike, yemwe anamupeza akutsuka makeni kuseri kwa nyumba. Anafotokoza zonse, za mawindo, za chithunzi cha mzere wofiira, za timikanda tomwe anachotsa ndi singano. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto osasiya kutsuka, n'kungoti ndamva. Kenako Evance anapempha mkulu wake wa Tiyamike kuti amuperekeze kwa apongozi, ndipo anagwada kunja kwa khitchini n'kunena zomwezo mokweza kuti Alufeyo ndi ena onse amve. A Esteri anayankha ali mkati kuti zikomo, zinatha kale zimenezo, asadandaule. Anayankha mokoma kwambiri moti Evance anakhumba akanamutukwana. Mawu amene akanatsuka chilichonse tsiku lija kudimba tsopano anali ngati kuthira madzi munda wouma kale.

Matimati a kumtunda anapulumuka mizere yochepa ya pafupi ndi njira. Kamundako a Jailosi anakapereka kwa Alufeyo kuti chaka chotsatira adzalemo chinangwa, ndipo palibe anatsutsa. Dzina la injiniya linazimiririka kumjigo, poti nkhani inamveka kuti wolakwa anali ndani, koma anthu sanamupatse Evance dzina lililonse. Ankangomupatsa moni mwaulemu n'kudutsa.

Sitensulo yatsopano inafika mvula yoyamba itagwa kale, nthawi yomwe palibe amafuna pampu. Bomba inali itabwerako ku Milange atailukanso mawaya, ndipo a Jailosi, mwa kukoma mtima kwawo, anati ayesenso, chilimwe chidzabweranso. Evance anayala zonse pabenchi pakhonde Lamulungu masana. Anayang'anitsitsa kachitsulo katsopanoko padzuwa: timawindo tating'ono, lapakati logawika panayi, zonse monga ziyenera kukhalira. Tiyamike anatuluka m'nyumba ndi mwana kumsana, dengu m'manja, akupita kukathyola chisoso kumunda.

"Mayi a Chikhu, tabwerani mundipakire phalali. Ulendo uno zili bwino, mudzaona."

Tiyamike anaima n'kuyang'ana benchi lija, khadi la kubanki lija, malo ake aja omwe anamusiyira. Nkhope yake inalibe mkwiyo, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa Evance.

"Ndikukhulupirira kuti zili bwino," anatero mofatsa. "Koma pakani nokha, bambo a Chikhu. Zikadzavuta ndilibenso mawondo ena ogwadira."

Anakonza nsalu ya mwana paphewa n'kutsika njira ya kumunda. Evance anakhala kanthawi akumuyang'ana mpaka anabisika m'chimanga chongomera kumene cha kuseri kwa nkhokwe ndi nthochi. Kenako analowa m'nyumba kukafuna selotepi yoti amatire bolodi pabenchi, kuti isasunthe pomwe iye akupaka.